Nkhalango ya Eni Ake

Pa zinthu zonse zachabechabe zimene ndaonapo pa ntchito yosamala okalamba kuno ku London, palibe chimene chimandiwiritsa magazi ndikachikumbukira kuposa tsiku limene anatitengera kumitengo. Ndaonapo zambiri. Ndaphunzitsidwapo kasambidwe ka m'manja ndi munthu amene sanasambitsepo ngakhale khanda. Ndakhalapo pa msonkhano wa masana onse wotiphunzitsa kumwetulira. Zimenezo ndikazikumbukira ndimaseka, koma ya mitengoyi kuseka kwake kumandithera pakhosi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito panyumba ina yosungirako okalamba cha ku Edmonton. Antchito tinalipo ochepa, okalamba anali ambiri, ndipo aliyense wa ife ankayenda dzanja lili pamsana. Amalawi tinalipo angapo, tonse amayi, kuwonjezapo bambo mmodzi wa ku Chipata amene ankaphika kukhitchini koma nkhani zathu ankazidziwa kuposa eni akefe. Pakati pathu panali mnzanga wina wa ku Dowa, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri ndithu, amene ndinkamutenga ngati mng'ono wanga wa bere limodzi. Iye ankanditcha anti, ine ndinkangoti iwe. Anali munthu wa manja abwino. Agogo ovuta onse, aja olavula mankhwala ndi kutukwana aliyense wolowa pakhomo, kwa iye ankatsegula pakamwa popanda mlandu.

Amayi ake anamwalira kumudzi iye asanathe ndi chaka chomwe kuno. Kwathu maliro sadikira ndege. Uthenga unafika m'mawa, mawa lake anali akuika. Anaonera pa foni, atakhala pampando m'chipinda chochapira zovala, ine nditaima pakhomo kuti wina asalowe. Mchimwene wake kumudziko ndiye anagwira foniyo. Tinaona nyumba ya siwa, tinaona amayi a kumpingo atavala zoyera, tinaona bokosi likutuluka. Anthu anatsata kanjira ka pakati pa minda mpaka pamene payambira mitengo ya kumanda. Pamenepo mkulu wina anauza mchimweneyo kuti foni aibweze m'thumba, kumanda si koonetserako kanema. Chomaliza chimene mnzanga anaona ndi misana ya anthu ikulowa m'mitengo, kenaka mdima wa m'thumba la buluku. Belu la agogo ena linalira kumtunda, iye anaika foni pansi nanyamuka kukawatembenuza.

Chiyambire tsiku limenelo sanalire. Anthu a kumpingo kwathu ku Tottenham anapita kukamupepesa kuchipinda chimene ankachita lendi, koma mwini nyumba anali atanena kale kuti safuna phokoso, ndiye tinangothithikana pakapeti n'kumaimba monong'ona ngati akuba. Maliro olira choncho sachoka m'thupi. Anayamba kuwonda, tulo kumusowa, ndipo nthawi zina unkamupeza ataima pakati pa kolido, thaulo lili m'manja, ataiwala kumene akupita. Chimene ankafuna chinali chimodzi ndipo tonse tinkachidziwa. Abale ake anagwirizana zomanga chiliza mu Okutobala mvula isanayambe, ndipo iye ankafuna tchuthi kuti akaone manda a amayi ake, akagwade pamenepo, akalire mpaka mawu atathe. Anapempha msanga, miyezi idakalipo yambiri. Manijala wathu anayankha kuti aona.

Ndimufotokoze manijalayu. Sanali woipa mtima, ndipo n'chimene chinkatopetsa kwambiri, chifukwa munthu woipa umadziwa pomugwira. Anali mayi wachizungu wa mawu ofewa, wopendeketsa mutu akamakumvetsera, wokonda kukugwira pamkono n'kukuuza kuti ululu wako akuumva. Unkatuluka mu ofesi mwake mtima uli m'malo, kufika pa masitepe n'kuzindikira kuti chimene unapitira sunachipeze. Ataona kuti antchito akudwaladwala ndi kutopa, sanaganize zolemba anthu ena ntchito kuti tipumeko. Anaganiza za mitengo.

Anatisonkhanitsa m'chipinda chathu chopumira nalengeza kuti eni nyumbayo atikonzera mphatso. Anati ku Japan anthu ali ndi chizolowezi chotchedwa shinrin-yoku, chopita m'nkhalango kukayenda pang'onopang'ono, osayankhula, osathamangira kulikonse, kungopuma mpweya wa mitengo ndi kumvetsera masamba mpaka mtima utakhazikika. Anati kumeneko kumatchedwa kusamba m'nkhalango, ngakhale sipakhala madzi. Ine Ajapani sindikangana nawo. Kwawo sindinafikeko, ndipo ngati mitengo yawo imawachiza, Mulungu awadalitse. Chimene ndinkakana n'chakuti mayi amene analephera kundipezera munthu wachiwiri wonyamula naye agogo pabedi andiuze kuti msana wanga ukupweteka chifukwa sindinanunkhize makungwa.

Ndipo ulendowo anauika pa tsiku lathu lopuma. Gulu lina sabata ino, gulu lina sabata yamawa, aliyense pa ofu yake. Tsiku lochapa, tsiku lopita ku Tottenham kukagula usipa ndi ufa, tsiku lomangitsa tsitsi, tsiku logona mpaka dzuwa kukwera. Mphatso ya eni nyumba inali yoti tsiku limenelo tilipereke kwa mitengo.

Msonkhano utatha mnzanga anatsalira kuti afunsenso za tchuthi chake. Manijala anamugwira pamkono namuuza kuti aone kaye mmene akhalire akabwera kunkhalango, kenaka adzakambirana bwinobwino. Mnzanga anamva ngati khomo latseguka pang'ono. Anaganiza kuti akapita ndi mtima wabwino, akachita zonse zimene auzidwe, tchuthi chituluka. Anandipeza ndikupinda mashiti n'kundichonderera, podziwa pakamwa panga.

"Anti, please, musakayambe zanu zija kumeneko. Ndikufuna leave yanga. Akati hug mtengo, tingohaga basi."

Ndinamulonjeza kuti ndikatseka pakamwa, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Pano ndinene kanthu kamene manijala sankakadziwa, ndipo ifenso sitinakaganizire pokwera minibasi. Ine ndinakulira kumidzi ya ku Lilongwe, mnzanga ku Dowa, ndipo konseko nkhani ndi imodzi. Mitengo inatha kalekale, inapita ku nkhuni, ku zigafa za fodya ndi kuotchera njerwa. Ukaima pamsewu n'kuona minda yokhayokha, kenaka chapatali kagulu ka mitengo ikuluikulu yobiriwira, sufunsa munthu. Amenewo ndi manda. Palibe amadula mtengo pamenepo, palibe amatolapo nkhuni, ndipo palibe amalowamo kukapitidwa mphepo. Munthu wopezeka akuzungulirazungulira m'mitengo imeneyo popanda maliro, mudzi wonse umadziwa dzina lomutcha. Kuthengo kwina timapitako ndithu, koma timapita ndi chifukwa: nkhuni, bowa, masuku, muzu wa m'mimba, kapena zija munthu akati akupita kuthengo sitimufunsa zambiri. Ndipo timapita tikucheza mokweza kuti njoka imve ithawe. Kulowa m'mitengo ikuluikulu muli chete, mutatsatana pamzere, mukuyenda ngati mwasenza cholemera, ife timakuchita pa chifukwa chimodzi chokha.

Linali tsiku la mu Seputembala, kamvula kakuwaza. Anatiuziratu kuti tikakhala pansi, ndiye amayi tonse tinatenga zitenje n'kumanga m'chiuno pamwamba pa mabuluku, ndipo chifukwa cha kamvulako tinamanganso mipango kumutu, pakuti tsitsi lomangitsa dzana silinyowetsedwa dala. Minibasi inadutsa Chingford n'kukatitsitsa m'mphepete mwa nkhalango ya Epping. Pamenepo tinapeza mphunzitsi wathu akudikira, mayi wamtali woonda, wovala majombo, kabelu kakang'ono kali m'manja. Anatiuza kuti ali ndi satifiketi ya ntchito imeneyi. Bambo wa ku Chipata anawerama n'kundinong'oneza.

"Ba sister, bamulipila uyu kuti atilangize vimitengo? Ise tilibe menso?"

Ndinaluma mlomo pokumbukira lonjezo langa. Mphunzitsiyo anatiuza malamulo ndi mawu a munthu wogoneka mwana. Mafoni azimitsidwe, abwezedwe m'thumba. Tisayankhule. Tiyende pamzere, pang'onopang'ono kuposa mmene tinayenderapo chibadwire. Akaliza kabelu tiime, akalizanso tiyende. Ine amene ndathera zaka ndikuthamangira mabelu a agogo, pa tsiku langa lopuma ndinapezeka ndikumveranso belu.

Poyamba zinali zoseketsa chabe. Anatiuza titole tsamba aliyense, tiliyang'ane ngati sitinaonepo tsamba. Ndinaliyang'ana, linali tsamba. Anatiuza titseke maso timvetsere mawu a nkhalango. Ine ndinamva galimoto pamsewu waukulu, ndege ikudutsa m'mitambo, ndi m'mimba mwa bambo wa ku Chipata. Anatiuza tikoke mpweya tinunkhize dothi, ndipo pafupi ndi ine, panthambi, wina anali atapachika kathumba ka chimbudzi cha galu wake. Ndinaganiza za amayi a kwathu amene amakwera phiri m'bandakucha n'kutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, msana ukulira, kuti akanamva zoti ku London kuli munthu amadyera kuuza anzake kuti ayang'ane tsamba, akanatula mitolo yawo kuti aseke bwino. Mnzanga yekha ndiye ankachita zonse mokhulupirika. Tsamba lake analigwira ndi manja awiri, maso ake akuba kuyang'ana manijala, amene anabwera nafe, kuti aone ngati akumuona.

Kenaka kanjira kanachoka poyera n'kulowa m'mitengo yakale. Maina ake sindiwadziwa, koma inali ikuluikulu, ya makungwa otuwa, nthambi zitagwirana kumwamba mpaka kuwala kuchepa. Pansi panalibe udzu, panali masamba ofota okhaokha ndi timiulu ta dothi pamene mizu yatukula nthaka. Phokoso la msewu linazilala. Tinalowamo mmodzimmodzi, tili chete, mitu ili pansi poopa kuterereka, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, bambo mmodzi yekhayo atavula chipewa chifukwa chinkakodwa m'nthambi. Ine thupi langa linazindikira mutu usanazindikire. Tsitsi linandiimirira, mapazi anayamba okha kuyenda kayendedwe kena. Mnzanga anali kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndiye chimene ankaona kutsogolo kwake ndi misana yathu ikulowa m'mitengo.

Ndinamumva akupuma mosiyana kumbuyo kwanga, koma ndinalonjeza kukhala chete, ndipo sindinacheuke. Pakati pa mitengoyo mphunzitsi analiza kabelu. Anatiuza kuti aliyense asankhe mtengo umene ukumuitana, aike manja ake pamenepo, ndipo auuze mumtima chilichonse chimene chikumulemera, pakuti mtengo suweruza munthu. Ine sindinaitanidwe ndi mtengo uliwonse. Ndinasankha umene unali pafupi n'kuutsamira chifukwa maondo ankandipweteka. Mnzanga anayenda mpaka pa mtengo wina wokhala ndi kamulu ka dothi patsinde pake. Anaika manja pakhungwa monga anauzidwa. Kenaka anagwa pakamulu paja, ndipo mawu amene anawatsekera m'mimba chaka chathunthu anatuluka onse.

"Mayi ine! Amayi mwandisiya ndi yani ine? Ndabwera mochedwa, amayi!"

Sikunali kulira kwa kuno, kwa kamsozi kamodzi ndi kapepala pamphuno. Kunali kubuma kwenikweni, kwa mwana wamkazi wofika pamudzi maliro ataikidwa kale, kuja kumamveka kutsidya kwa dambo anthu n'kusiya makasu. Mbalame zinauluka. Kutali galu anayamba kuuwa.

Zimene zinachitika pambuyo pake palibe anazikonza. Maliro n'kulirana. Munthu akabuma pafupi ndi iwe, suima n'kumamuyang'ana ngati mbuzi. Ndinapezeka ndili pansi pambali pake, miyendo nditatambasula m'matope, mutu wake uli pachifuwa panga. Amayi ena aja anasiya mitengo yawo n'kudzakhala motizungulira, ndipo mmodzimmodzi anayamba kulira. Ine ndinayambitsa nyimbo ya kumpingo, ija timaimba bokosi likamatsika, ndipo onse analandira. Bambo wa ku Chipata anaima chapatali monga amachitira amuna, chipewa chili pachifuwa, nathira besi yoti sindinadziwe kuti ali nayo. Kunena zoona, sitinkalira amayi a mnzathu okha. Panalibe mmodzi mwa ife amene analibe manda osaonedwa kumudzi. Ine bambo anga anaikidwa ndili pa shifiti ku Enfield, ndipo ndinawalira koyamba mokweza m'nkhalango muja. Zinandipweteka ndipo zinandikomera pamodzi.

Mphunzitsi wa mitengo satifiketi yake inathera pamenepo. Analiza kabelu. Analizanso. Anayenda motizungulira akutiuza kuti tikoke mpweya, titulutse mpweya, tikumbukire kuti mapazi athu ali pa nthaka, ngati ife tinkaganiza kuti ali padenga. Anthu othamanga anaima pakanjira kumatiyang'ana, bambo wina wa agalu awiri anabwerera kumene ankachokera. Pomaliza mphunzitsiyo anagwada pambali panga n'kundinong'oneza, mwaulemu wonse, ngati kungatheke kuti tichite zimenezi motsitsa mawu pang'ono, pakuti nkhalangoyi ndi malo a bata ndipo muli anthu ena. Apa lonjezo langa linaduka. Ndinamuuza m'Chingerezi changa cha m'makolido kuti ndi iye anati tiuze mtengo, ndipo kwathu timauza choncho, ndipo ngati mtengo wake suweruza munthu iyenso ayambe wakhala pansi. Anakhala pansi. Nditakweza maso ndinaona manijala ataima potero, misozi ili m'maso, ife mafoni titazimitsa, iye yake ataikweza m'mwamba akutijambula.

Tinalira mpaka kulira kunatha kokha, monga kumathera. Mnzanga anapukuta nkhope ndi chitenje, wina anayambitsa pemphero lalifupi, tinanyamuka. Mphunzitsi, pofuna kubwezera zinthu m'malo mwake, anatiuza kuti aliyense atole kanthu kakang'ono, kamwala, tsamba kapena kanthambi, kokakumbukira nako tsikuli kunyumba. Palibe anawerama. Kumanda sutengako kanthu, ngakhale mwana amadziwa. Tinatuluka m'mitengomo osacheuka, ndipo titafika poyera, pamene anatikonzera tiyi wa masamba ena ake owawa, palibe anakhudza kapu. Ndinatsegula botolo langa la madzi n'kuyamba kuthirira anzanga m'manja, wina nathirira ine, pakuti pochokera kumanda munthu amayamba wasamba m'manja asanagwire chakudya. Mphunzitsi maso ake anawala. Anafunsa bambo wa ku Chipata ngati umenewu unali mwambo wa ku Africa wothokoza mitengo. Bamboyo anamuyang'ana, nayang'ana ine, navomera kuti inde, ndi womwewo.

Pobwerera mnzanga anagona tulo mu minibasi, mutu uli paphewa panga, kukamwa kuli yasa. Ndinakhala osagwedezeka mpaka ku Edmonton kuti asadzuke. Mtima wanga unali wokondwa. Ndinati manijala waona yekha ndi maso ake, wamva ndi makutu ake, ngakhale mwala ukanamva kuti mwanayu ayenera kupita kwawo. Ndinafika mpaka poganiza kuti mwina mitengo ija ndinainyoza pachabe.

Sabata yotsatira manijala anamuitana mu ofesi. Ine ndinali m'kolido ndi ngolo ya mankhwala, ndikuyendetsa pang'onopang'ono dala. Sanakhalitsemo. Zimene anauzidwa ndinazimva pambuyo pake mwatsatanetsatane. Manijala anati sanaonepo munthu akumasuka choncho, ndipo iye mwini sanagone poganiza za kukongola kwa zimene zinachitika. Anati katundu amene mnzanga anasenza chaka chonse tsopano watulidwa, ndipo nkhope yake ikuonetsa. Kenaka anati Okutobala ndi mwezi wovuta, chimfine chayamba, antchito ndi ochepa, ndipo popeza iye wapeza kale mtendere umene ankaufuna, ulendo wautali wotero ungomutopetsa n'kutsegulanso bala. Mwina chaka chamawa. Mnzanga sakanatha kumenya tebulo n'kuchoka, chifukwa chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chinali chomangirira pa ntchito yomweyo, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo ngakhale palibe anazitchula. Anatuluka, natseka chitseko bwinobwino, nadzaima pambali pa ngolo yanga.

"Akuti ndachira, anti. Akuti ndinalira kale."

Ndinasiya ngolo pomwepo n'kulowa osagogoda. Sindibwereza zonse zimene ndinanena. Ndinamuuza kuti mtengo wa ku Epping sunabereke munthu, kuti amayi a mwanayu agona ku Dowa, ndi kuti amene waona utsi n'kunena kuti moto wazima ndiye amapsetsa nyumba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mutu uli chopendekeka. Kenaka anandigwira pamkono nati akumva mkwiyo wambiri mwa ine, ndipo mwina ulendo umodzi sunandikwanire, aona ngati angandiike pa gulu lotsatira. Ndinatuluka n'kubwerera ku ngolo yanga. Pa moyo wanga ndakanganapo ndi makondakitala, apongozi ndi alonda a pa eyapoti, koma kukangana ndi mayi ameneyu kunali ngati kumenya pilo.

Patapita masiku, pakhoma la chipinda chopumira panaoneka chithunzi chachikulu. Amayi akuda atavala zitenje, atakhala pansi pa mtengo, atagwirana, ndipo pansi pake mawu onena za kulumikizana ndi chilengedwe. Anasankha chimene pakamwa pathu panali potseka. Alendo obwera kudzaona nyumbayo ankawadutsitsa pamenepo. Ndinachichotsa n'kuchibisa kuseri kwa firiji, m'mawa mwake ndinapeza chabwerera pamalo pake, wina atachipukuta fumbi.

Chiliza anamanga Loweruka lina la mu Okutobala, mnzanga ali pa shifiti. Kanema panalibe, pakuti lamulo la mkulu uja linali lisanasinthe. Madzulo ake mchimwene wake anangotumiza chithunzi cha anthu akudya pabwalo. Mnzanga sanalire. Koma pa ofu yathu yotsatira anandiimbira m'mawa kuti ndimuperekeze kwinakwake, ndivale chitenje. Tinakwera basi mpaka ku Chingford n'kuyenda wapansi. M'chikwama mwake munali maluwa ndi katsache ka udzu kamene anagula m'sitolo ya anthu a ku Africa ku Tottenham. Ine ndikanasochera, mitengo yonse imafanana kwa ine, koma iye analunjika ngati munthu wobadwira komweko.

Anagwada patsinde paja n'kuyamba kusesa. Mwezi umenewo kuno masamba amagwa ngati mvula, ukasesa apa ena akugwa kale pamsana pako. Ndinafuna kumuuza kuti ntchito imeneyi siidzatha, koma ndinangowerama n'kumazula timaudzu ndi manja. Atayeretsa kamulu konse anaika maluwa, nakhala pansi, nayamba kuwauza amayi ake nkhani ndi mawu wamba: kuti chiliza akuti chakongola, kuti mchimwene wake akufuna kukwatira, kuti kuno kwayamba kuzizira. Mwamuna ndi mkazi wake anadutsa ndi kagalu kovala juzi. Mkaziyo anatimwetulira, naika chala pamlomo kuuza mwamuna wake kuti asatisokoneze, ndipo anadutsa chonyang'ama, okhutira kuti aona anthu awiri osamba m'nkhalango. Potuluka tinasambitsana m'manja pafupi ndi pamene amaimika galimoto.

Kuyambira pamenepo wakhala akupitako mwezi ndi mwezi, nthawi zina ndi ine, nthawi zambiri yekha. Ine zimandinyansa. Zimandinyansa kuti mwana wa munthu, amene amayi ake ali ndi manda enieni ndi chiliza cholembedwa dzina, azisesa pansi pa mtengo wa eni ake, agalu akukodzera mbali ina. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma sindinamuletsepo, chifukwa ndilibe china chomupatsa. Chaka chamawa chija chitafika, panali chimfine china ndi kuchepa kwina kwa antchito. Mpaka pamene ndinkachoka panyumbapo kupita kukagwira kwina, ku Dowa anali asanapiteko.

Manijala anamva kuti mnzanga amabwerera kunkhalango pa ofu yake, popanda womutuma, ndipo chimwemwe chake chinali chosaneneka. Ankauza antchito atsopano, ankauza eni nyumba, ankaloza chithunzi chija. Tsiku lina, tonse tili m'chipinda chopumira, anabwera ndi nkhani yabwino. Anati palibenso chifukwa choitanira mphunzitsi wakunja pamene pakati pathu pali munthu amene mitengo inamusintha moyo. Anapempha mnzanga kuti azitsogolera magulu atsopano, aziwatengera pamtengo wake womwe uja, aziwaonetsa mmene amachitira. Anali atagula kale kabelu.

Mnzanga, amene chifikire m'dziko muno ndinali ndisanamumvepo akukana chinthu, anakana. Manijala anadabwa, nafunsa chifukwa, popeza malowo amawakonda choncho. Mnzanga anayang'ana kabelu kaja, kenaka anayankha m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti aliyense amve, ndipo mawu ake anali awa: kumeneko kuli amayi anga.

Bambo wa ku Chipata, amene anali pakhomo ndi thireyi ya makapu, anayang'ana pansi. Manijala anapendeketsa mutu, namugwira pamkono, nati pa zaka zonse zimene wagwira ntchito sanamvepo mawu okongola ngati amenewo. Kenaka anafunsa ngati angawalembe pansi pa chithunzi chija.